Tsamba Loyamba la Webusaiti ya Bizinesi: Zofunika kwa Amalonda a kwa Changata

Webusaiti ya bizinesi imakhala ndi masamba angapo: lina lofotokoza katundu, lina la mitengo yake, lina la mbiri ya eni ake. Koma tsamba lomwe limatseguka munthu akalemba dzina la bizinesiyo pa foni kapena pa kompyuta, kapena akadina linki yomwe mnzake wamutumizira pa WhatsApp, ndi tsamba loyamba. Ntchito yake ndi yapawiri. Liyenera kumugwira munthu amene wangotulukira kuti asatseke n'kupita kwina, kenako limutsogolere mpaka afike pogula, poitanitsa katundu kapena posungitsa malo. Nkhani ino ikufotokoza kakonzedwe ka tsamba limeneli poganizira amalonda a m'dera la Mfumu Yaikulu Changata ndi madera ena a m'boma la Thyolo, kumene minda ya tiyi imayambira m'mphepete mwa msewu n'kukathera m'mapiri.

Tiyi wochuluka wa m'bomali safunikira webusaiti kuti agulitsidwe. Amatchoredwa m'minda ya maesiteti monga Makwasa, Conforzi, Nchima, Naming'omba ndi Makandi, amakonzedwa m'fakitale, kenako amalongedwa m'matumba akuluakulu n'kupita ku okushoni ya ku Limbe kapena kwa ogula akunja amene adapangana nawo kale. Kumeneko malonda amayendera akatswiri olawa, ndipo ogula ndi ogulitsa adadziwana kalekale. Tiyiyo akafika ku Britain kapena ku South Africa amasakanizidwa ndi wa ku Kenya, wa ku India ndi wakwina, moti paketi yomwe imafika m'sitolo nthawi zambiri siitchula Thyolo n'komwe. Womwa sadziwa kuti kunja kuno kuli Makwasa. Amene webusaiti imamufunikira ndi wamalonda wofuna kugulitsa katundu m'dzina lake ndi la dera lake, kwa munthu amene sangakwere minibasi kudzamuona maso ndi maso.

Malonda otere alipo kale m'bomali. Esiteti ya Satemwa, yomwe Maclean Kay adayambitsa mu 1923 m'munsi mwa phiri la Thyolo ndipo ikadali m'manja mwa banja lake, imapanga tiyi wamba wa m'matumba, koma imapanganso tiyi wapadera wokhala ndi mayina akeake, monga Satemwa Antlers, Zomba Pearls ndi Thyolo Oolong. Kampani ya ku London yotchedwa Rare Tea Company imagulitsa tiyi wa ku Satemwa ndipo imatchula poyera kumene adachokera. Nyumba yakale ya banjali, Huntingdon House, idasanduka malo ogona alendo, ndipo ena mwa alendowo amabwera kudzafunafuna kambalame kosowa kotchedwa Thyolo alethe m'tinkhalango totsala m'phirimo. Munthu wa ku Germany wofuna tiyi ameneyu, kapena wa ku Lilongwe wofuna chipinda cha Loweruka, amayambira pa intaneti, ndipo zomwe waona pa tsamba loyamba ndi zomwe zimamuchititsa kupitiriza kapena kubwerera.

Si maesiteti okha ayi. Kufupi ndi Makwasa kuli mishoni ya Malamulo, yomwe mpingo wa Seventh-day Adventist wakhala ukuyendetsa kuyambira mu 1902, pamodzi ndi chipatala chake ndi sukulu yophunzitsa zachipatala. Kumabwera ophunzira, makolo awo, abale a odwala ndi madokotala ochokera kutali, ndipo onsewa amafuna pogona, podyera ndi galimoto yowanyamula. Kuli magulu a alimi ang'onoang'ono a tiyi, kuli oweta njuchi, ofesa mbande za nthochi ndi za makadamiya, akalipentala ndi ogulitsa zipangizo zomangira. Kulinso ana a m'derali amene ali ku Joni, omwe amafuna kugulira makolo awo malata, simenti kapena feteleza kwa wamalonda wodalirika wa kumudzi konkuno popanda kudutsira mwa achibale asanu. Aliyense mwa amalondawa ali ndi wogula amene ali kutali.

Chinthu choyamba chomwe wokonza tsamba ayenera kuvomereza ndi chakuti nthawi ndi yochepa zedi. Akuluakulu adati mlendo ndi mame, ndipo mlendo wa pa intaneti ndiye sachedwa n'komwe kukamuka. Kafukufuku wa pa yunivesite ya Carleton ku Canada, yemwe Gitte Lindgaard ndi anzake adasindikiza mu 2006, adapeza kuti munthu amagamula ngati tsamba likuoneka bwino kapena ayi m'kanthawi ka mamilisekondi 50, komwe ndi gawo limodzi mwa magawo 20 a sekondi. Apo amakhala asanawerenge liwu ndi limodzi lomwe. Mu 2016 kampani ya Google idafalitsa zotsatira za kafukufuku wina zosonyeza kuti mwa maulendo 100 alionse otsegula tsamba pa foni, 53 amathera panjira tsambalo likapitirira masekondi 3 lisanatseguke.  Kwa Changata, kumene netiweki imagwira pamtunda n'kuthawa kuchigwa, tsamba lolemera limangozungulira osatseguka mpaka munthu atatopa.

Choncho tsamba loyamba limakonzedwa poganizira foni, kompyuta ibwere pambuyo. Amalawi ochuluka amene amalowa pa intaneti amalowera pa foni, kawirikawiri foni yotsika mtengo ya sikirini yaing'ono, ndipo bandulo amachita kuiwerengera. Ngakhale Google yomwe, kuyambira mu July 2019, idayamba kuyesa mawebusaiti atsopano potengera mmene amaonekera pa foni. Chimene chimalemeretsa tsamba kwambiri ndi zithunzi. Chithunzi chojambulidwa ndi foni yamakono chimatha kulemera mamegabaiti 3 kapena 4, koma chikachepetsedwa bwino chimatsika kufika pa makilobaiti 200 popanda diso kuona kusiyana. Wokonza akaika zithunzi khumi zosachepetsa pa tsamba loyamba, amakhala wamudyera wogula bandulo asanamuuze n'komwe zomwe akugulitsa. Palinso vuto lina lomwe okonza a m'tauni amaiwala: anthu ambiri amagula bandulo ya WhatsApp kapena ya Facebook yokha, ndipo bandulo yotere siitsegula webusaiti. N'chifukwa chake uthenga wofalitsa linki uyenera kukhala kale ndi dzina la katundu, mtengo ndi nambala ya foni, kuti amene sangathe kutsegula tsambalo asatsale m'mbuyo.

Gawo lofunika kuposa onse ndi lapamwamba, lomwe limaoneka munthu asanasunthe chala kutsitsa tsamba. Pa foni, gawoli ndi laling'ono ngati chikhatho, ndipo mumakwana zinthu zinayi basi: dzina la bizinesi, chiganizo chimodzi chonena zomwe ikugulitsa, chithunzi chimodzi ndi batani limodzi. Chiganizocho ndi chimene amalonda ambiri amachiphonya. Amalemba kuti "Takulandirani ku webusaiti yathu", kapena amaika mawu akuluakulu a masomphenya ndi cholinga cha kampani omwe adakopera m'chikalata cholembetsera bizinesi. Mawu otere sauza wogula kanthu. Gulu la oweta njuchi lingalembe kuti: "Uchi wa ku Thyolo, wosasakaniza, m'mabotolo a magalamu 500. Timatumiza ku Limbe ndi ku Blantyre Lachisanu lililonse." Mwini malo ogona angalembe kuti: "Zipinda 8 pafupi ndi chipatala cha Malamulo, madzi otentha, magetsi a sola." Wowerenga wadziwa katundu, wadziwa malo, wadziwa ngati zikumukhudza.

Mawu otsatira nawonso akhale ochepa. Mu 2006 katswiri wa kagwiritsidwe ntchito ka mawebusaiti, Jakob Nielsen, atatsatira ndi makina mmene maso a anthu amayendera pa tsamba, adaona kuti ambiri sawerenga mzere ndi mzere. Amawerenga mizere yapamwamba, kenako diso limatsetsereka kumanzere likungonyambita mawu oyambirira a ndime iliyonse, monga mmene chilembo cha F chimaonekera. Phunziro lake n'lakuti mawu ofunika aikidwe koyambirira kwa mzere, ndime zikhale zazifupi, ndipo timitu tinene zenizeni: "Mitengo", "Katumizidwe", "Kumene tili". Mbiri ya mmene agogo adayambira kulima tiyi ndi yabwino, ndipo ogula akunja amaikonda kwabasi, koma pa tsamba loyamba pakwane mizere iwiri kapena itatu yokha, yotsalayo ikhale pa tsamba lake kuti wofuna akaiwerenge.

Chithunzi chimafuna kuganiziridwa mofatsa, chifukwa ndicho chimalankhula mawu asanawerengedwe. Dera la Changata silisowa chojambula. M'mawa dzuwa likangotuluka, nkhungu isanachoke m'zigwa, mizere ya tiyi imawala mobiriwira ndipo chithunzi chimatuluka chofewa. Masana dzuwa lili paliwombo, mithunzi imada ndipo nkhope zimabisika pansi pa zipewa. Komabe munda wokongola pawokha sugulitsa uchi. Chithunzi chapamwamba chionetse katundu weniweniyo ali pafupi: botolo lili m'manja, chizindikiro chake chikuwerengeka, munda uli kumbuyo. Ngati ndi tiyi, paoneke zala zikutchola masamba awiri ndi kansonga, kapena tiyi wouma ali m'mbale pambali pa kapu. Ngati ndi chipinda chogona, paoneke bedi, neti ndi bafa monga zililimo, osati chipinda cha hotela ya ku Cape Town. Chizolowezi chotola zithunzi pa intaneti n'choipa pawiri. Zithunzizo zili ndi eni ake, komanso wogula tiyi wodziwa ntchito yake amazindikira msanga munda wa ku Sri Lanka kapena wa ku Vietnam, ndipo akagwira bodza limodzi sakhulupiriranso china chilichonse pa tsambalo.

Pa zithunzi za anthu pamafunika ulemu. Mayi wobereka dengu la tiyi kumsana wakhala akujambulidwa kwa zaka zambirimbiri osafunsidwa, nkhope yake n'kumagulitsa malonda omwe phindu lake saliona. Zimenezi siziyenera kupitirira m'mabizinesi a ana a m'dera lomwelo. Munthu apemphedwe chilolezo, auzidwe kumene chithunzicho chikaikidwe, ndipo ana asajambulidwe makolo awo osadziwa. Dziko la Malawi lili ndi lamulo loteteza uthenga wokhudza munthu, la 2024, lomwe bungwe la MACRA limayang'anira, ndipo lamuloli limakhudzanso mayina ndi manambala a foni omwe ogula amalemba pa webusaiti. Komanso ogula tiyi akunja amafunsa za malipiro ndi moyo wa ogwira ntchito. Nkhaniyi idakula kwambiri kuyambira mu 2015, pamene bungwe la Tea Association of Malawi, ogula akunja ndi mabungwe ena adasainirana pulogalamu ya Malawi Tea 2020, ndipo mu 2016 bungwe la Tea Association of Malawi lidachita mgwirizano wake woyamba wa malipiro ndi bungwe la ogwira ntchito m'maesiteti la PAWU. Gulu la alimi lomwe lili ndi chonena choona pa nkhaniyi, monga kuchuluka kwa mamembala ake kapena mjigo womwe lidakumba ndi phindu lake, lichinene pa tsamba loyamba mwachidule, koma lisawonjezere.

Pali zokongoletsa zina zomwe okonza amazikonda chifukwa zimasangalatsa mwini bizinesi tsiku loonetsa ntchito: zithunzi zosinthana zokha pamwamba, vidiyo yoyamba kusewera munthu asanaipemphe, nyimbo, ndi timabokosi totulukira mwadzidzidzi topempha imelo. Zonsezi zimachedwetsa tsamba ndi kumwaza maso. Zisiyidwe.

Batani ndi pamene kukopa kumasanduka malonda. Tsamba loyamba likhale ndi batani limodzi lalikulu, la mtundu wosiyana ndi china chilichonse pa tsambalo, lokula moti chala chachikulu n'kulidina osaphonya. Mawu ake anene chimene chichitike: "Itanitsani pa WhatsApp", "Sungitsani chipinda", "Pemphani tiyi wolawa". Mawu akuti "Dinani apa" sanena kanthu. Kwa amalonda ambiri a kwa Changata, batani lothandiza kwambiri ndi lotsegula WhatsApp, chifukwa Mmalawi amafuna kulankhula ndi munthu asanatulutse ndalama. Linki ya WhatsApp imatha kukonzedwa moti ikatseguka uthenga umakhala utalembedwa kale, wakuti "Ndikufuna mabotolo a uchi", wogula n'kungowonjezera chiwerengero. Batani lomwelo libwerezedwe pansi pa tsamba, kuti amene wawerenga mpaka kumapeto asachite kukwereranso. Koma kuseri kwa batanilo kukhale munthu woyankha. Uthenga wofika Lolemba n'kuyankhidwa Lachinayi ndi malonda otayika, ndipo ngati foni ya bizinesi imakhala ndi mlembi wa gulu amene amakhala kumunda mpaka masana, tsamba linene maola omwe mauthenga amayankhidwa.

Nkhani ya mtengo ndi yovuta pang'ono. Amalonda ambiri a pa Facebook adazolowera kubisa mtengo n'kumauza anthu kuti afunse kumbali. Amaopa opikisana nawo, ena amafuna ayambe aona kaye amene wafunsayo kuti amutchulire mtengo womuyenera. Pa webusaiti, chizolowezichi chimathamangitsa ogula ochuluka kuposa omwe chimagwira, chifukwa munthu akapanda kuona mtengo amaganiza kuti ndi wokwera kapena kuti akufuna kumudyera masuku pamutu. Katundu atatu kapena anayi oyenda malonda kwambiri aonekere pa tsamba loyamba, aliyense ndi chithunzi, kulemera kwake ndi mtengo. Vuto lenileni ndi la kwacha. Ndalamayi idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo mitengo ya mabotolo, mafuta ndi mapepala olongedzera idasintha nthawi yomweyo. Tsamba lokhala ndi mtengo wachaka chatha limayambitsa mkangano ndi wogula. Choncho mwini bizinesi aphunzitsidwe kusintha yekha mitengo pa foni yake osadikira wokonza, ndipo pansi pa mitengoyo palembedwe mwezi womwe idasinthidwa. Kwa ogula akunja mtengo ulembedwe m'madola, ndipo zinenedwe poyera ngati mtengo wotumizira uli momwemo kapena ayi.

Kalipiridwe kaonekenso pa tsamba loyamba lomwelo. Ogula a m'dziko muno amayang'ana Airtel Money, TNM Mpamba kapena akaunti ya ku banki. Akunja amayang'ana khadi la Visa kapena Mastercard. Pali makampani, monga PayChangu ya m'dziko momwe muno, omwe amalumikiza webusaiti ndi njira zimenezi kuti wogula alipire pa tsamba pomwepo. Chofunika kwambiri n'chakuti dzina lotuluka pa foni ya wolipira lifanane ndi dzina la bizinesi. Amalawi aberedwa kokwanira ndi akathyali a pa foni, moti munthu akaona kuti tsamba likunena gulu la alimi koma ndalama ikupita ku nambala ya dzina lachilendo, amaimitsa pomwepo, ndipo salakwitsa kutero.

Chikhulupiriro chimamangidwa ndi zinthu zing'onozing'ono zotsimikizika. Kwa Changata kulibe manambala a nyumba kapena mayina a misewu ya m'midzi, ndiye tsamba lifotokoze malo monga mmene anthu amalondolerana: mudzi, gulupu, msika wapafupi, pokhotera kuchoka pa msewu wa Thyolo kupita ku Thekerani, ndi mtunda wotsala. Pamwamba pa apo, malowo aikidwe pa Google Maps munthu ataima pakhomo penipeni pa bizinesiyo, chifukwa chizindikiro choikidwa mongoyerekeza chimasocheretsa dalaivala m'misewu ya m'minda ya tiyi, yomwe kwa mlendo imaoneka yofanana yonse. Paonekenso nambala ya foni yogwira, dzina lomwe bizinesi idalembetsa ku boma, ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards ngati katunduyo adayesedwa n'kuvomerezedwa. Lamulo la 2016 lokhudza malonda ndi chitetezo cha pa intaneti limafunanso kuti wogulitsa adzidziwikitse bwino kwa ogula. Zizindikiro za Fairtrade ndi Rainforest Alliance, zomwe maesiteti ena ndi magulu ena a alimi a tiyi ali nazo, zimaikidwa ndi okhawo omwe adapatsidwa satifiketi. Kuziika popanda chilolezo ndi chinyengo. Umboni wa ogula akale umathandiza ukakhala woona ndiponso mwini wake atalola. Mizere iwiri yochokera kwa mwini lesitilanti weniweni wa ku Limbe imaposa maumboni khumi opeka oyamikira mofanana.

Za chilankhulo, yankho limachokera kwa wogula. Tsamba la tiyi wopita kunja lilembedwe m'Chingerezi chosavuta, ndipo munthu wodziwa bwino chilankhulocho aliwerenge lisanatulutsidwe. Tsamba la wogulitsa malata ndi simenti kwa anthu a ku Joni lingachite bwino m'Chichewa, chifukwa munthu amakhulupirira msanga wolankhula ngati wa kwawo. Kumene ogula ali a mbali zonse ziwiri, pamwamba pakhale posankhira chilankhulo. Kusakaniza zilankhulo ziwiri m'ndime imodzi kumatalikitsa tsamba ndipo kumatopetsa onse awiri.

Funso lomwe wogula wakutali amakhala nalo mumtima ndi lakuti katundu afika liti, ndipo adzera njira iti. Kuchoka pa boma la Thyolo kukafika ku Limbe ndi ulendo wosakwana ola limodzi pa galimoto, koma kuchokera m'midzi ya kwa Changata nthawi imadalira nyengo. M'dzinja misewu yafumbi imaterera, ndipo amene adaona namondwe wa Freddy mu March 2023 akudziwa mmene milatho ndi misewu ya m'chigawo cha kummwera idadukira. Tsamba lisalonjeze za mawa ngati galimoto imapita m'tauni kamodzi pa sabata. Linene tsiku lenileni, malo okatengera katundu, ndi kampani yonyamula mapaselo yomwe imagwiritsidwa ntchito, kaya ndi ya m'dziko muno, ya positi ofesi kapena DHL kwa akunja. Wogula amapirira kudikira masiku asanu ngati adauzidwa masiku asanu.

Nyengo imasinthanso zomwe zili pa tsamba. Tiyi amaphuka kwambiri m'miyezi ya mvula, kuyambira December mpaka April, pomwe m'miyezi ya chiperoni, June ndi July, kumazizira ndipo kutchola kumachepa. Uchi, nthochi, mapeyala ndi mbande zili ndi nthawi zake. Tsamba lomwe likulengezabe za Khirisimasi mu May limaoneka ngati eni ake adatseka. Kamzere kamodzi kosinthidwa mwezi ndi mwezi, konena zomwe zilipo panopa, n'kokwanira kusonyeza kuti bizinesi ili moyo.

Pali zina zomwe wogula saziona koma zimakhudza tsamba loyamba. Dzina la webusaiti likhale lalifupi, losavuta kutchula pa foni ndi kulemba pa chikwangwani. Mayina othera ndi .mw amayang'aniridwa ndi Malawi SDNP, ndipo amasonyeza msanga kuti bizinesi ndi ya m'dziko muno, pomwe othera ndi .com ndi odziwika kwa ogula akunja. Dzinalo limalipiridwa chaka ndi chaka, ndipo lilembetsedwe m'dzina la mwini bizinesi kapena la gulu, osati la mnyamata wokonza. Magulu ena adataya mawebusaiti awo chifukwa wokonza adasamuka ndi mawu achinsinsi, kapena chifukwa bungwe lomwe linkathandiza lidamaliza pulojekiti yake popanda wotsala wodziwa polipira. Webusaiti ikhalenso ndi satifiketi ya chitetezo, yomwe imachititsa adiresi kuyamba ndi https. Kuyambira mu July 2018 pulogalamu ya Chrome imalemba chenjezo pa tsamba lililonse lopanda satifiketiyi, ndipo wogula akaona chenjezolo salembapo nambala ya khadi lake. Bungwe la Let's Encrypt limapereka satifiketiyi ulere, choncho palibe chifukwa choti isowe. Mawu omwe anthu amalemba pofufuza, monga Thyolo, Makwasa, Malamulo ndi dzina la katunduyo, akhale m'mutu wa tsamba ndi m'chiganizo choyamba, chifukwa ndiwo Google imawerenga ndiponso ndiwo amaoneka linki ikatumizidwa pa WhatsApp.

Sikuti wamalonda aliyense ayenera kuthamangira webusaiti. Wogulitsa tomato pa msika wa Bvumbwe, amene ogula ake amadutsa pamsewu pomwepo, ingangomudyera ndalama. Ngakhale wa golosale ya pa Makwasa angathandizike mokwanira ndi WhatsApp Business, yomwe idayamba mu 2018 ndipo imalola kuika zithunzi za katundu ndi mitengo yake kwaulere. Webusaiti imayamba kubweza ndalama pamene ogula ali kutali, pamene katundu ndi wa mtengo woti munthu amayamba wafufuza kaye, kapena pamene wogula ndi kampani yofuna kutsimikiza kuti ikuchita malonda ndi anthu okhazikika. Ubwino wake wina ndi wa umwini. Tsamba la pa Facebook lili m'manja mwa kampani ya Meta, yomwe imasankha yokha anthu oti aone uthenga ndipo imatha kulitseka. Webusaiti yolembetsedwa bwino ndi ya mwini bizinesi.

Tsamba likakonzedwa liyesedwe lisanalengezedwe, ndipo kuyesa kwabwino sikulira ndalama. Munthu amene sadziwa bizinesiyo apatsidwe foni kwa masekondi 5, kenako foniyo itengedwe, iye afunsidwe zomwe zikugulitsidwa, kumene zili, ndi chomwe angachite atafuna kugula. Akakanika kuyankha, cholakwika chili pa tsamba, ndipo mawu kapena chithunzi zisinthidwe mpaka munthu wina ayankhe bwino. Chida chaulere cha Google chotchedwa PageSpeed Insights chimasonyeza zomwe zikuchedwetsa tsamba, ndipo Google Analytics imawerenga anthu olowa ndi odina batani. Koma kaundula wa m'kope nayenso amagwira ntchito: aliyense woitanitsa katundu afunsidwe kumene adamvera za bizinesiyo, yankho lilembedwe, ndipo pakatha miyezi itatu zidzaoneka ngati webusaitiyo ikubweretsa ogula.

Kuyesa komaliza kuchitikire kwa Changata konkuno, osati mu ofesi ya wokonza ku Blantyre kumene intaneti imathamanga. Mwini bizinesi atenge foni wamba ya mmodzi mwa mamembala, yokhala ndi bandulo wamba, aime pa msika kapena pa shedi yoyezera tiyi, atsegule tsambalo pa netiweki ya Airtel, kenako pa ya TNM. Dzina, chiganizo, chithunzi ndi batani zioneke msanga, batani likadinidwa uthenga ufike pa foni ya bizinesi, ndipo mawu achinsinsi onse akhale atalembedwa m'buku la gulu. Zimenezi zikatheka, ndiye wokonza alandire gawo lomaliza la malipiro ake.